Nyale Yoyaka Yokha ya kwa a Mhone

A Zebedee Mhone anagwa pa masitepe a nyumba yawo yomwe, nyumba imene anakhalamo kuyambira asanamere imvi. Kunali kumadzulo, mvula ya mawawa ija ya ku Mzuzu ikuwaza, iwo akuchokera ku msonkhano wa akulu a mpingo. Phazi linafuna sitepe pamene panalibe sitepe, ndipo anafikira dzanja. Akazi awo a Selina, amene a ku Katoto onse ankawatchula kuti anyaLongwe, anawapeza atakhala m'matope, chipewa chili uko, akutukwana mdima m'Chitonga cha kwawo ku Nkhata Bay. Ku chipatala anawaika chikhakha.

Nyumbayo inali yakale, ya nthawi ya esiteti ya azungu: makoma ochindikala, khonde lalitali lopaka polishi wofiira, malata oyamba dzimbiri. Nyale ya pakhonde inalipo, yachitsulo yokhala ndi magalasi m'mbali, koma inafa kalekale. Ngakhale masiku amene inkayaka, swichi yake inali kuseri kwa kabati m'chipinda chochezera, moti munthu ankayamba wadutsa mumdima kuti akaiyatse.

Loweruka lotsatira kunabwera mwana wawo Marjorie ndi mwamuna wake Herbert, atanyamula katoni. Herbert anali wa ku Dedza, ndipo ankagwira ntchito yokonza mawaya a matelefoni. A Mhone analibe naye mlandu. Sankamwa, sankakweza mawu, ankagwada popereka moni. Koma zinthu ziwiri zinkawakhala pamtima. Mkamwiniyo ankamvetsera kwambiri kuposa kulankhula, ndipo Chitumbuka anachidziwa msanga, mvula imodzi yokha. Komanso m'tauni anthu ankanong'onezana kuti okwera mapolo a telefoni samva mphepo yokha kumwambako. Zinali zaka zimene munthu ankayamba wacheuka asananene kuti shuga wakwera mtengo.

"Bambo, ndabwera ndi nyale zoti musankhe," anatero Herbert, akutulutsa chubu chachitali choyera.

"Ichi ndiye chabwino, adada," anatero Marjorie. "Chimawala mpaka kugeti."

"Khonde langa si wodi ya kuchipatala."

Herbert anatulutsa ina yobulungira ngati mpira.

"Iyo anthu aziti Mhone watsegula bala. Ine ndikufuna nyale yanga yomweyi."

Anayembekeza kuti mkamwiniyo atsutsa, koma iye anangogwedeza mutu. Anati nyumba yakale imakhalira ndi nyale yakale. Aitsuka magalasi, asintha waya wofumbwa uja, aikamo babu lachikasu loti ngumbi ndi agulugufe asamadzazepo. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabokosi kotuwa, kokwana m'chikhatho, kokhala ndi kagalasi kozungulira kutsogolo.

"Nanga ako?"

"Aka ndiye kogwira ntchito yonse, bambo. Kali ndi diso. Kukada kamayatsa nyale, kukacha kamazimitsa. Simudzafunanso swichi."

"Mwakatenga kuti?"

"Mnzanga wa kuntchito anabwera nako kuchokera ku Blantyre."

"Mnzanu wa kuntchito," anabwereza a Mhone pang'onopang'ono, ngati akulawa mchere m'ndiwo.

Herbert anakwera makwerero. Nyale anaibwezera pamalo ake pakati pa khonde, kabokosi anakakhomera pansi pa denga kumapeto, kuti kuwala kwa nyale kusakanamize. Kumapeto kumeneko ndi komwe kunkakhala mipando ya a Mhone ndi bawo lawo. Dzuwa litalowa panamveka kakuti *tswa*, khonde lonse n'kukhala ngwee, chikasu ngati dzungu. AnyaLongwe anaomba m'manja. "Yewo chomene, mwana wanga! Tsopano akuluwa azigwa chifukwa cha ukalamba wokha." A Mhone nawo anathokoza monga mwa ulemu.

Pakhondepo madzulo ambiri pankakhala amuna atatu. A Mhone, amene anapuma pantchito ya ukalaliki. A Jasper Kamanga a ku Masasa, mphunzitsi wopuma, wa pakamwa posatseka. Ndi a Amon, telala wa mumsika, amene ankakonda kuonerera bawo kuposa kusewera. Tsiku loyamba kuona nyaleyo ikuyaka yokha, a Jasper anadumpha, nkhomo za bawo n'kumwazika.

"Wayatsa ndani?"

"Palibe. Ndi kabokosi ako. Kali ndi diso."

A Jasper anadzuka, n'kukayang'ana m'mwamba manja ali kumbuyo ngati woyendera sukulu. "Good evening, sir," anakapatsa moni. Kenako anatembenuka akuseka. "Diso taliona. Nanga khutu lili mbali iti? Paja mkamwini wanu ndi wa matelefoni."

Onse anaseka, ndi a Mhone omwe. Koma mawuwo analowa ngati munga wa m'chidendene, wosaoneka koma womveka pa sitepe iliyonse. Kuyambira tsikulo a Mhone anayamba kusankha nkhani. Ankakamba za mvula, za kwaya, za nsomba zimene zasowa mumsika. A Jasper akayamba kulowera kwina, iwo ankakhosomola, kapena kuitanitsa tiyi.

Koma a Jasper sanali munthu woimitsidwa ndi chifuwa cha mnzake. Chaka chimenecho mdzukulu wawo anakhoza bwino mayeso koma sanasankhidwe kupita patsogolo, ndipo nkhaniyo inkawatentha. Masana ena kunagwa chifunga chochokera kumapiri, chija chimabisa nyumba ya woyandikana naye dzuwa lisanapendeke. Atatuwo anali pa bawo atavala majuzi.

"Mwana wakhoza kuposa anzake," a Jasper ankanena, "koma poti dzina lake ndi la kumpoto kuno, akhale pakhomo azilima chinangwa. Ndiye mukuti dziko limeneli ndi la tonse?"

*Tswa.* Nyale inayaka, masanasana.

A Amon anayang'ana m'mwamba, kenako pansi, kenako anakumbukira kuti anasiya buluku la kasitomala osalisita. A Jasper anaseka kuti kabokosiko kavomereza mfundo yawo. A Mhone sanaseke. Mutu unkawauza kuti ndi chifunga, kuti kwada ndipo diso laona mdima monga ananenera mkamwini. Koma mtima unkafunsa kuti bwanji sikanayake pamene ankakamba za kwaya.

Sabata isanathe, a Jasper anatengedwa. Akazi awo anafika m'mawa nsalu ili pakamwa. Kunabwera galimoto ndi amuna osavala yunifolomu, anati akufuna kucheza nawo pang'ono. Kumene anapita nawo, palibe ananena, ndipo panalibe wolimba mtima kukafunsa.

A Mhone anakhala pampando m'nyumba osadya. Madzulo nyale itayaka, anaiyang'ana pa windo ngati akuyang'ana njoka imene yalowa m'khola la nkhuku.

"AnyaLongwe, kuyambira lero pakhonde paja musamalankhulirepo kanthu."

"Ngakhale kusankha nyemba?"

"Sankhani, koma pakamwa mutseke."

"Mukuganizira mwana wa eni ake zimenezo? Munthu wakuchotsani m'matope?"

"Sindinatchule munthu."

M'mawa mwake anakwera pampando ndi dzanja limodzi, n'kukulunga kabokosiko ndi sokosi yakale, kuti ngati kali ndi khutu kagonthe. Nyale inayaka nthawi yomweyo, n'kukhala chiyakire tsiku lonse. Odutsa mumsewu ankacheuka. Wapampando wa chipani wa m'deralo, amene anali asanaimepo pageti lawo kupatula nthawi yogulitsa makadi, anaima n'kufunsa mwaulemu ngati kunyumbako kuli chikondwerero. A Mhone anachotsa sokosiyo. Tsopano sankadziwa choopsa kwambiri n'chiti, kukasiya kapena kukakhudza.

A Amon sanabwerenso. Bawo linalowetsedwa m'nyumba n'kuimikidwa kuseri kwa chitseko.

Herbert ankabwerabe Lamulungu lililonse ndi banja lake akaweruka ku tchalitchi. A Mhone ankamulandira ndi ulemu wochuluka kuposa kale, ulemu wozizira ngati simenti ya m'mawa. Ankayang'ana chilichonse. Mkamwini akakweza maso kuona nyale polowa, iwo ankati waona chiyani. Akafunsa kuti, "Za a Kamanga mwamvako chilichonse, bambo?" iwo ankayankha kuti boma limadziwa ntchito yake, mawu amene sanawanenepo chibadwire. Ngakhale kugwada kwake kunayamba kuoneka ngati kwa munthu wofuna kumva bwino.

Amene analephera kupirira anali Marjorie. Tsiku lina atatha kudya, ana atatuluka kukasewera, anatseka chitseko.

"Adada, mwamuna wanga wakulakwirani chiyani? Mukumulankhula ngati mlendo wa m'basi."

"Palibe."

"Amama andiuza za sokosi."

A Mhone anayang'ana akazi awo. AnyaLongwe anali kusonkhanitsa mbale osakweza mutu. Poti madzi anali atatayika kale, a Mhone anatembenukira kwa mkamwini wawo.

"Ndikufunsani ngati mwana wanga. Jasper analankhula pansi pa kabokosi kanu. Kanayaka. Sabata isanathe anamutenga. Inu mukanakhala ine mukanaganiza chiyani?"

Marjorie anaimirira. "Ndiye mukuti ndinakwatiwa ndi kazitape? Ana aja ali panjawo ndi a kazitape?"

"Khala pansi, Marjorie," anatero Herbert motsitsa mawu. Nkhope yake inali itachita phulusa. Anatuluka, natenga makwerero kuseri, ndipo patapita kanthawi anabwera ndi kabokosi kaja, mawaya ali lendelende. Anakatsegula patebulo pomwepo, pakati pa nyenyeswa za chakudya, n'kuyala zamkati pa nsalu. Munali kagalasi kaja, kachitsulo kopyapyala kopindika, ndi tinthu tina tating'onoting'ono ngati nyemba zamawangamawanga.

"Ili ndi diso lija. Aka ndi kamene kamalira kakamayatsa. Palibenso china, bambo."

A Mhone anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anazindikira kuti sizikuwathandiza. Khutu la mtundu umenewo anali asanalionepo. Likanatha kukhala kalikonse mwa tinyemba timeneto.

"Ine sindidziwa za mawaya," anatero.

"Pitani nako kwa munthu amene mumamukhulupirira akakuonereni."

"Ndani?"

Herbert anapukuta manja pa buluku.

"Bambo, kuntchito kwathu anthu amasiya kulankhula ndikalowa, poti ndinakwatira kuno. Akuti ndine wa kumpoto tsopano. Ndimati ndikafika pakhomo pano ndiye ndafika poti ndingapume." Anagwada monga mwa masiku onse. "Tatsanzika."

Marjorie sanatsanzike. Anaitana ana, n'kutuluka osacheuka.

Khonde linabwerera mumdima. AnyaLongwe anakankha kabati kuti swichi yakale izifikirika, koma a Mhone sankafuna kuti nyaleyo iyake n'komwe. Zamkati za kabokosi anazikulunga m'pepala, n'kuziika m'chitini cha mabisiketi, n'kukachisiya m'khola la nkhuku, kutali ndi kumene anthu amalankhulira. Chikhakha chinachotsedwa. Mvula inayamba, chimanga chinamera, chinafika m'chiuno. Lamulungu nyumba inkakhala chete, ndipo anyaLongwe ankapita okha ku Msongwe kukaona adzukulu, n'kubwerako osawauza amuna awo za kumeneko.

Chimanga chili pafupi kucha, kunamveka kuti a Jasper abwera. A Mhone anadikira masiku angapo, kuopa kuoneka ofulumira, kenako anatsetsereka ku Masasa m'mawa wina. Anapeza mnzawo atakhala padzuwa, jekete likulendewera pamapewa ngati lobwereka, mano awiri akutsogolo kulibe.

"Monire, a Mhone. Tiyeni mukaone chimanga changa."

Analowa m'munda mpaka pakati, pamene mapesi ankawabisa. Apo m'pamene a Jasper analankhula, ndipo mawu awo anali atachepa.

"Musandifunse kumene ndinali. Ndinasaina kuti sindinapite kulikonse."

"Ndifunsa chimodzi chokha. Za mdzukulu wanu zija, munanena pakhonde panga zija. Anakuuzani?"

A Jasper anapukusa mutu. "Za pakhonde panu sankadziwa ngakhale liwu limodzi. Anandimenyera zimenezo, kuti ndinene zimene timakamba. Akanakhala ndi khutu pamenepo sakanavutika ndi mano anga. Chimene anali nacho ndi mawu amene ndinanena pa maliro ku Chibavi, pamene tinkadikira bokosi. Amenewo anandiwerengera onse, ndi pomwe ndinakhosomola pomwe."

A Mhone anagwira phesi.

"Koma nyumba yanu amaidziwa," anapitiriza a Jasper. "Amaitchula kuti nyumba ya nyale yoyaka yokha. Anati pamakhala amuna atatu madzulo alionse, wa chikhakha amakhala chakumanja, ine pakati. Kale tinkakhala mumdima, a Mhone, wodutsa ankangomva kulira kwa nkhomo. Nyale ija inatiika poyera ngati katundu wa pa windo la sitolo. Aliyense wodutsa mumsewu akanatha kunena."

"Ndiye anakanena za ku maliroko ndani?"

A Jasper anathyola tsamba louma n'kulipukusa m'manja. "Panali anthu ambiri. Pa benchi yathu tinalipo ochepa." Anataya tsambalo pansi. "Amon anali pambali panga. Koma kuseri kunalinso ena amene sindinawaone nkhope. Sindikudziwa. Ndaganiza mpaka mutu kuuma, sindikudziwa."

Pobwerera a Mhone sanalowere ku Katoto. Anayenda wapansi mpaka ku Msongwe, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mphepo. Anapeza Herbert akupopa njinga pabwalo. Marjorie anasuzumira pakhomo, n'kubwerera m'kati.

"Odi kuno."

"Fikani, bambo." Herbert anatulutsa mpando, nagwada, napereka moni wonse bwinobwino. Iye sanakhale.

A Mhone anali atakonza mawu njira yonse, koma atafika onse anabalalika. Mpongozi sapepesa mkamwini ngati mwana wasukulu. Anazunguza chipewa m'manja.

"Jasper wabwera."

"Tamva."

"Ndinacheza naye." Anakhosomola. "Masitepe aja akuterera ndi mvulayi. Amayi anu anatsala pang'ono kugwa. Ndimati mwina mukapeza mpata... kabokosi kaja ndinakasunga."

Herbert anawayang'ana kwa nthawi, ndipo a Mhone kwa nthawi yoyamba anaona kuti m'maso amenewo munalibe chobisika, munali kutopa chabe.

"Ndibwera Loweruka, bambo."

"Koma nyaleyo isakhalenso pakati pa khonde. Muitsitse, iziunika masitepe okha. Pamipando pazikhala mdima."

Herbert sanafunse chifukwa. Anangoti, "Ndamva."

Anabweradi, yekha. Anatsitsa nyale yachitsulo ija n'kuikhomera pa nsanamira ya pamasitepe, m'munsi, n'kuiphimba pamwamba ndi kachidutswa ka lata kuti kuwala kuzigwera pansi. Kabokosi kanali katalowa chinyezi m'khola muja, moti anavutika nako mpaka masana, koma kanagwira. Anakakhomera kunja kwa khoma, koyang'ana kumunda. AnyaLongwe anamuphikira nkhuku. Iye anathokoza, nati ali ndi ntchito ina, n'kukwera njinga. A Mhone anamuperekeza mpaka pageti, chinthu chimene anali asanachitepo, ndipo onse awiri anakamba za mvula.

Marjorie anadzabwera ndi ana nthawi yokolola. Anawapatsa moni bambo ake, anawabweretsera shuga, koma nthabwala zake zija za kale anazisiya ku Msongwe.

A Jasper anayambanso kubwera, mwa apo ndi apo. Ankasewera bawo kumapeto kwa khonde, chamumdima, ndipo ankakamba za nsomba. Madzulo ena, dzuwa litangolowa, munthu anaima pageti atapachika tepi yoyezera m'khosi. Anali a Amon. Anali ataonda nawonso, kapena mwina ndi mmene ankaonekera chifukwa cha kuwala kochokera pansi.

"Mwatandala uli, ŵadada?"

"Tatandala makora, kwali imwe," anayankha a Mhone.

A Amon anaika dzanja pa geti, kudikira mawu aja oti alowe, amene kale sankachita kudikira. A Jasper anali ataweramira bawo, akuwerenga nkhomo zimene anali ataziwerenga kale. A Mhone anatsegula pakamwa. Anaganiza za Herbert atagwada pakati pa nyenyeswa, n'kuganizanso za mano a Jasper. Akanatha kukhala akulakwira munthu wachiwiri wosalakwa. Akanathanso kukhala akuitanira njoka pamphasa.

"Moni kunyumba," anatero.

A Amon anachotsa dzanja pa geti pang'onopang'ono. "Yewo," anayankha, n'kupitirira kulowera kumsika.